Mzere Wobiriwira wa Pensulo

Changu anayankha funso lake lomaliza, kompyuta n'kuonetsa kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti wakhoza. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. M'chipinda cha makompyuta cha pakolejipo munali anthu anayi okha masanawo, ndipo aliyense anali atakwinya nkhope pa ntchito yake. Anatuluka pa dzina lake, n'kulowanso pa dzina la msuweni wake. Pasiwedi ya mwiniwakeyo zala zake zinali zitaizolowera ngati yake yomwe.

Dzina lakuti Changu anamupatsa ndi anzake, chifukwa pa masamu ankamaliza ena akadali kuwerenga funso. Msuweni wakeyo, mwana wamkazi wa amalume ake, ankatchedwa Pensulo kuyambira ku pulayimale chifukwa chotalika ndi kuonda. Onse awiri ankaphunzira ntchito yoyeza malo, ndipo phunziro limene linkagwetsa ambiri chaka choyamba linali tirigonometiri, masamu a ngodya ndi mbali za thirayango. Homuweki yake inali ya pa intaneti. Sabata iliyonse kompyuta inkapereka mafunso makumi awiri, aliyense manambala akeake kuti asamakoperane, ndipo inkachonga yokha nthawi yomweyo.

Imeneyi inali sabata yachisanu ndi chiwiri Changu akulemba homuweki ziwiri. Zinayamba tsiku limene amalume anagwa pa shopu yawo yowotcherera zitsulo, dzanja ndi mwendo wakumanja n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Mayi ake a Pensulo sakanatha kusiya ntchito yawo ku fakitale, choncho wodwala anatsala m'manja mwa Pensulo. Iye anapempha Changu kuti amulembereko homuweki ya sabata imodzi yokha, ndipo Changu sanaganize kawiri, pajatu chibale ndi fupa, sichiola. Ankachita mwanzeru. Ankalakwitsa dala mafunso awiri kapena atatu, popeza Pensulo sanakhozepo onse chiyambire. Kunena zoona, mumtima ankadzitama kuti msuweni wonga iye ndi wosowa.

Ali pa funso lachisanu anamva kugogoda kwa nsapato zimene aliyense pakolejipo ankazidziwa. Anatembenuza msanga tsamba la pakompyuta. Wobwerayo anali mphunzitsi wa masamu, amene ophunzira ankawatchula kuti Mayi Ngodya akakhala kuti sakumva. Anamata chipepala pakhoma, kenaka anabwera kudzaima pafupi naye n'kumufunsa za msuweni wake. Changu anayankha kuti ali bwino, kungoti kunyumba kuli timavuto.

Mayi Ngodya anagwedeza mutu. Anafotokoza kuti Lolemba lililonse amatsegula mndandanda wa kalasi yonse. Amene akuchita bwino mzere wake umakhala wobiriwira, amene wayamba kutsalira umasanduka wofiira. Ofiirawo amawaimbira foni mmodzimmodzi, chifukwa mwana sangoleka homuweki popanda chimene chamugwera. Teremu imeneyi anali ataimbira asanu ndi anayi. Atatu mwa iwo anapezeka kuti ali pa mavuto aakulu kwawo, ndipo koleji inawalola kuimitsa maphunziro kuti adzayambirenso chaka chamawa malo awo ali chisungire.

"Msuweni wako ndinafuna kumuimbira, poti m'kalasi sindikumuona," anatero. "Koma ndikayang'ana mzere wake, wobiriwira mpaka pansi. Ndinati mwana ameneyu ndi wolimba, ndisamusokoneze."

Analoza chipepala chija. Mawa lake, Lachisanu, folo koloko, inali nthawi yomaliza yopempha kuimitsa maphunziro. Lolemba kunali mayeso olemba pamanja m'holo, ndipo wolephera ankachotsedwa pa kosiyo, malo ake n'kupatsidwa kwa wina. Mphunzitsi atatuluka, Changu anazimitsa kompyuta. Homuweki ija sanaimalize.

Anakwera basi kupita kwa amalume. Anali asanapondeko kwa mwezi wathunthu, poti ankaona kuti mbali yake akuichita kale pa kompyuta. Atalowa, fungo la sopo ndi mankhwala linamulandira pakhomo. Pabalaza anachotsapo mipando kuti pakhale bedi, ndipo pa chingwe chomangidwa pakati pa zenera ndi chitseko panali nsalu zofunda zosauma. Anapeza Pensulo akutembenuza bambo ake. Anawalowetsa mkono kumsana, n'kuwerenga mpaka katatu, n'kukankha ndi thupi lake lonse. Mtsikana uja anali ataonderatu, ndipo khungu la zala zake linali litasweka ndi madzi.

Wodwala atagona, awiriwo anatulukira kukhitchini. Changu anatenga kabokosi ka mankhwala kopanda kanthu, anakang'amba, n'kujambula thirayango kumbuyo kwake. Analemba kutalika kwa mbali ziwiri, n'kumuuza msuweni wake kuti apeze sayini wa ngodya yam'munsi. Linali funso la sabata yachiwiri, losavuta kwenikweni. Pensulo anagwira cholembera nthawi yaitali. Analemba nambala imodzi, anaifufuta, kenaka anaseka kaseko kopanda chimwemwe n'kunena kuti mutu wake masiku ano umangosunga maola a mapiritsi.

Changu anamufotokozera zonse za Mayi Ngodya, za fomu yoimitsira maphunziro ndi za mayeso a Lolemba. Ananena kuti mphunzitsi sangasaine fomu ya munthu amene kompyuta ikuti akukhoza, pokhapokha atamva zoona zake. Pensulo anakana kwamtuwagalu. Anati akaulula alangidwa onse awiri, ndipo iye awerenga Loweruka ndi Lamulungu, mwina mwayi ungamugwere. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena chimene chinali kumusautsa kwenikweni. Lamulungu lililonse ankawaonetsa bambo ake mzere wobiriwira uja pa foni, ndipo ndi nthawi yokhayo pa sabata imene ankayesa kumwetulira.

"Ndiponso azakhali, mayi ako, anafuna kutenga tchuthi kuti azidzandilandira m'mawa," anatero Pensulo. "Amayi anawauza kuti musavutike, mwanayu akukwanitsa zonse, taonani mmene akukhozera. Ndikanatsutsa bwanji?"

Mawu amenewa anamulasa Changu kuposa a mphunzitsi aja. Anakumbukira mayi ake akumuuza patebulo kuti atengere chitsanzo kwa msuweni wake, wosamalira wodwala uku akukhoza masamu, ndipo iye anaseka chamumtima poona kuti bodza lagwira. Tsopano anachita manyazi. Anthu awiri anali okonzeka kuthandiza, ndipo onse awiri anawabweza ndi iye, ndi zala zake zomwe.

M'mawa wa Lachisanu anafika pa ofesi ya Mayi Ngodya isanatsegulidwe. Kanali kachipinda kakang'ono, kodzaza ndi mapepala a mayeso akale omangidwa ndi zingwe. Atalowa anakana kukhala pansi. Ananena zonse ataimirira, kuyambira sabata yoyamba, osasiyako ngakhale za mafunso olakwitsa dala aja.

Mphunzitsi anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Sanakalipe, ndipo Changu anaona kuti bola akanakalipa. Anamuuza kuti malikisi ake onse a homuweki afufutidwa, a iye mwini ndi a msuweni wake, ndipo sabata yamawa akaonekera pamaso pa komiti ya mwambo. Kuti apitirire chaka chachiwiri adzayenera kukhoza mayeso pafupifupi onse, popanda chomugwiriziza. Changu anavomera ndi mutu. Malikisi amenewo anawakhetsera thukuta, ndipo kuwataya kunamupweteka.

"Kompyuta ija imachonga mayankho, siidziwa amene wakhala pampando," anatero Mayi Ngodya. "Ine ndilibe maso mazana awiri, mwanawe. Ndimadalira kuti mwana akamamira, mzere wake undiuza. Masabata asanu ndi awiri mnzako akumira, iwe uli pamtunda kundikodola kuti zonse zili bwino."

Anatsegula kabati n'kutulutsa fomu. Anasaina mbali yawo, n'kunena kuti mwiniwake asaine yekha ndipo abwere nayo yekha isanakwane folo.

Changu anafika kwa amalume dzuwa lili paliwombo. Pensulo anali atakhala pa kampando kamatabwa pafupi ndi bedi, akuwamwetsa bambo ake supu ndi sipuni. Ataona pepala m'manja mwa msuweni wake anadziwa zonse, ndipo nkhope yake inagwa.

"Wandiyalutsa," anatero motsitsa. "Ndinakupempha."

Changu anagwada pambali pa bedi, pamene amalume akanatha kumuona ndi diso lawo labwino, n'kuwauza kuti zobiriwira zonse zimene ankaziona pa foni analemba ndi iye. Anawauza kuti mwana wawo sanatsegule buku kuyambira tsiku limene iwo anagwa, ndi kuti akalowa mayeso Lolemba achotsedwa pakoleji. Anawauzanso kuti akasaina pepalali lero, malo ake amudikira mpaka chaka chamawa. Pomaliza anapepesa, ngakhale ankadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda.

Amalume anatseka maso, ndipo msozi unatsika pang'onopang'ono mbali yopotoka ija mpaka kukhutu. Pensulo anayamba kulira, akunena kuti sanafune kuwakhumudwitsa, kuti akhoza kuyesabe Lolemba. Bambo aja anatsegula maso. Dzanja lawo lamanzere, limene linali likugwirabe ntchito, linafufuza pa bulangeti mpaka linapeza cholembera chimene Changu anaika pamwamba pa fomu. Anachikankhira kwa mwana wawo. Chinagubuduka n'kuima, ndipo iwo anachikankhanso kufikira chinakhudza zala zake.

Pensulo anasaina atatsamiritsa pepala pa bondo. Anasamba kumaso, anavala nsapato zimene zinali zitachita fumbi kuseri kwa chitseko, kenaka anaima pakhomo mokayika, poti panalibe womusiyira wodwala. Changu anamuuza kuti athamangire basi, iye atsala. Pensulo anamuuza mwachidule, osamuyang'ana kumaso, kuti supu aziwapatsa theka la sipuni, adikire ameze, ndipo thu koloko awatembenuzire kukhoma.

Chitseko chitatsekedwa, Changu anakhala pa kampando kaja n'kunyamula mbale. Kanali kampando kolimba, kopanda chotsamira, ndipo patangopita mphindi zochepa msana unayamba kumuwawa. Sipuni yoyamba anadzaza kwambiri, supu n'kutayikira pa kolala ya amalume. Anapukuta ndi kansalu. Masabata asanu ndi awiri onse aja akudzitcha wothandiza, pa kampando kameneka anali asanakhalepo ngakhale ola limodzi. Anatunganso, theka lokha, n'kudikira kuti amalume ameze.