Mankhusu Osatha a Abiti Omari

Ine ndine Davie, wa zamagetsi. Sola ikavuta ku Lifuwu kuno amaitana ine, ndipo pa zaka makumi awiri za ntchitoyi, mizimu yonse imene anthu anandiitanira inapezeka kuti ndi waya wodyedwa ndi khoswe. Nkhani iyi yokha ndiyo inandikanika. Musandiuze za maloto, chifukwa zinachitika dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa Okutobala, ndisanalaweko ngakhale thobwa. Mboni ilipo, a Hajara ogulitsa mpunga pamsika, mukawafunse.

Zuleka, mwana wa mkulu wawo wa a Hajara, anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe. Anabwerera kumudzi mayi ake, Abiti Omari, atagwidwa ndi matenda ofa ziwalo. Anzake anatsala kutauni, akuno ankamupatsa moni ngati mlendo. Akamaliza kusambitsa ndi kudyetsa odwala, wocheza naye anali laputopu basi.

Chimene ankapanga, ine poyamba ndinkachiseka. Anabwereka nyumba yakale yosungiramo mpunga, n'kutseka mawindo ndi masaka kuti mukhale mdima. Pamtanda wa denga anamangirira kamera ndi pulojekita, ine n'kumulumikizira batire. Munthu umatenga lichero lopanda kanthu n'kuyamba kupeta kutsogolo kwa kamera. Pomwepo khoma limayaka: mpunga wa kuwala ukudumpha motsatira manja ako, mankhusu akuuluka, sipika ikulira tsa, tsa, tsa. Ukaleka, khoma limazima. Ankati akachionetse ku Lilongwe kuti anthu a m'maofesi, amene mpunga amangouonera m'mbale, akapeteko nawo.

Kuti kompyuta idziwe kupeta, anaiphunzitsa ndi manja a mayi ake. Tsiku lililonse ikatha swala, pemphero la masana la kumzikiti, ankawabweretsa panjinga n'kuwakhazika pamkeka. Dzanja lawo lamanzere linali lofooka, choncho lichero linkapendekera komweko. Ankaponya katatu n'kupuma, katatu n'kupuma, uku akuseka kuti mwana wawo anapita kusukulu kukaphunzira kupetetsa anthu mphepo.

Kenako Abiti Omari anamwalira.

Patatsala masiku atatu kuti ichitike arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, Zuleka anandiimbira foni. Anati batire likumatha msanga. Ndinamupeza yekha m'nyumba muja, ataonda, maso atalowa m'kati. Anali atakhala pansi chakumanzere, kumene kamera siiona. Lichero linali pamsomali.

Ndinayeza batire, linalibe vuto. Ndinazula waya wa sipika kuti ndione ngati ukubetsa magetsi. Ndili nawo m'manja, kumzikiti anamaliza swala.

Nyenje zimene zinkasokosera panja zinati zii.

Ndinamva fumbi la mpunga, lija loyabwa kukhosi. M'nyumbamo simunalowe thumba la mpunga kwa zaka zisanu. Kenako fungo la mafuta otikitira odwala.

Khoma linayaka.

Mpunga unadumpha katatu. Unapuma. Unadumphanso katatu, wopendekera kumanzere.

Tsa, tsa, tsa.

Ndinayang'ana waya wa sipika. Unali m'dzanja langa.

"Ikungobwereza kanema wakale," ndinatero, koma mawu anatuluka ngati a munthu wina.

"Simusunga kanema umu, a Davie," Zuleka ananong'ona. "Imatsatira zimene ikuona. Taonani."

Anatembenuza laputopu. Pagalasi pankaoneka mkeka wopanda munthu. Pamwamba pa mkekawo panali timadontho tobiriwira, tija kompyuta imaika pamapewa, pazigongono ndi pamanja a munthu wopeta. Tinali m'munsi, ngati munthu wokhala pansi. Tinkayenda.

Ine ndine wa mawaya, sindikhulupirira chinthu ndisanachiyese. Ndinakwera pampando, n'kuvindikira kamera ndi chipewa changa. Khoma linazima. Phokoso linapitirira. Ndinachotsa chipewa. Khoma linayakanso, mpunga uli pakati podumpha.

Ndinatsika pampando.

"Zinayamba liti?"

"Tsiku lachitatu titaika maliro."

"Zimasiya nthawi yanji?"

"Batire likatha."

Apo ndinazindikira kuti za batire zinali zongondiitanira. Mwanayo ankafuna munthu wina aone, adziwe kuti sanazungulire mutu. Masiku makumi atatu ndi mphambu ankabwera yekha, kukhala pansi pamdima, n'kumawauza timadontho tija zimene zachitika kunyumba. Anandiuza yekha, misozi isakutuluka n'komwe: "Ndi okhawa amene amandiyembekezera." Ndinamumvera chisoni choposa mantha amene ndinali nawo, ndipo mantha anali ambiri.

Chitseko chinagogodedwa, ine mtima kuti phwi. Anali a Hajara, atanyamula chakudya, chifukwa mwanayo anali atasiya kudya kunyumba. Analowa, n'kuima. Ndinkayembekeza kuti akuwa. Iwo anaika mbale pansi mwakachetechete, n'kuyang'ana khoma nthawi yaitali.

"Subhanallah," anatero motsitsa. "Achemwali."

Anapenyetsetsa ngati mmene amaonera mpunga wa munthu asanaugule. Kenako anafunsa funso limene ine, ndi mamita anga onse oyezera magetsi, sindikanaliganiza.

"Iwe Zuleka, mankhusuwa akutha?"

"Satha, amayi aang'ono. Ndinalemba kuti azingobwera, anthu azisewera mpaka atatopa."

"Mpaka atatopa." A Hajara anagwira pakamwa. "Mayi ako unawadziwa iwe? Unawaonapo akuika lichero pansi mpunga usanayere? Anapeta zaka makumi asanu, anafa manja atalema. Ndiye iwe wawapatsa lichero losayera?"

Tsa, tsa, tsa.

Apa ndi pamene ndinamva chimene chinkachitika pa kupuma paja. Kunali kupuma kwa munthu wotopa, kokoka mpweya movutikira. Zuleka anakumvanso. Ndikuganiza kuti ankakumva masiku onse aja.

"Ndikhoza kukonza," anatero. "Ndi mzere umodzi wokha. Ndingowapatsa malire mankhusuwo."

"Konza."

"Akamaliza apita, amayi."

"Eya, apita."

"Nanga ine?"

A Hajara mwamuna wawo ndi ana awo anali kuwadikira kunyumba, inenso chimodzimodzi. Amene ankataya pamenepo anali mmodzi.

Zuleka anakhala ndi laputopu pamiyendo, zala zili m'mwamba. Mpunga unadumpha, unapuma, unadumpha. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Pa kupuma kwina mpweya uja unatalika kwambiri, ngati sudzabwereranso. Pamenepo mwanayo analemba mawu ochepa, n'kudina batani.

Poyamba sipanasinthe kanthu. Kenako mankhusu anayamba kuchepa. Anauluka makumi, kenako owerengeka. Asanu. Awiri. Limodzi linazungulira pakhoma, n'kuzimirira.

Mpunga unatsala woyera mbee.

Phokoso linaleka.

Tonse atatu tinayang'ana pagalasi la laputopu. Timadontho ta manja tinatsika mpaka pamkeka, ngati munthu woika chinthu pansi. Tinagundana kawiri, kusasa fumbi. Kenako tinayamba kukwera. Mapewa anakwera, anakwera, mpaka msinkhu wa munthu woimirira. Abiti Omari anali asanaimirire okha kwa chaka chathunthu.

Chitseko chinali kumanja. Timadontho tinalowera kumanzere.

Timadonthoto tinatuluka m'mphepete mwa galasi, mbali imene anakhala Zuleka. Khoma linazima. Mumdimamo munkangowala nkhope yake yokha, chifukwa cha laputopu. Mpango wake unali utatsetsereka mpaka m'khosi. Ndinauona ndi maso angawa ukukwera pang'onopang'ono, n'kuphimba tsitsi lonse bwinobwino. Manja ake onse awiri anali pa laputopu.

Nyenje zinayambiranso.

Arubaini inachitika, anthu anadya n'kubalalika. Chinthu chija ku Lilongwe sichinapite. Chikadali m'nyumba yosungira mpunga muja, ndipo ana asukulu amabwera Loweruka kudzapeta, mankhusu akatha amaombera m'manja. Zachilendo sizinaonekenso.

Mwezi wathawu ndinapita kukapukuta sola padenga lake. Potsika ndinamupeza Zuleka atakhala chakumanzere kuja, laputopu yotsegula, khoma lili bii. Inali nthawi yomwe ija, swala itangotha. Anandionetsa mzere wina pagalasi, waufupi ngati nambala ya foni.

"Ndi uwu, a Davie. Nditangoufufuta, mankhusu sangathenso."

"Ndiye angabwere?"

"Angabwere. Sangasiye ntchito ili pakati."

Ndinafuna kumuuza kuti asiye zimenezo, akwatiwe, abwerere kutauni, zonse zimene timauza ana a eni tikasowa chonena. Iye anauyang'ana mzerewo kwa kanthawi, chala chili pafupi ndi batani, kenako anatseka laputopu.

Akuti amatero tsiku lililonse. Ine ndikamadutsa pamenepo masana ndimapalasa njinga mwamphamvu, kuti ndisamve ngati m'katimo muli phokoso kapena ayi.