Bokosi la Achimwene a Lufina

Silvester anali chigonere mu buti ya minibasi, miyendo ili panja, pamene anamva mawu a mkazi kumbuyo kwake.

"Odi! Amisiri a zoimbira za m'galimoto ndinu?"

Anadzuka mofulumira, mutu n'kugunda chitseko. Patsogolo pa shedi yake, kuseri kwa depoti ya pa Ntcheu boma, panaima galimoto yoyera ya nambala za ku Joni. Pambali pake panali mtsikana wamtali wovala jekete lofiira, akuzunguza makiyi pa chala.

"Ndi ineyo, achemwali. Chavuta n'chiyani?"

"Tamverani nokha."

Mtsikanayo anayatsa wailesi. Nyimbo inamveka ndithu, koma pamene ng'oma imayenera kugunda pankangomveka phwa! phwa! ngati munthu akumenya katoni yonyowa.

Silvester anatsegula buti n'kuseka.

"Sipika yaikuluyi ilibe mlandu. Chalakwika ndi bokosi. Matabwa ndi opyapyala, mpweya ukuthawira m'ming'alu monsemu. Nanga kawaya aka kopita ku batire? Kowonda ngati ulusi! Galimoto ndi yanu?"

Mtsikanayo anayang'ana makiyi ake kaye.

"Ndi ya achimwene anga, a Allan. Ali ku Joni, angoitsogoza. Akuti pofika iwo aipeze ikugunda mpaka anthu a ku Mozambiki amve."

Dzina lake anali Lufina. Kwawo kunali ku Biriwiri, ndipo ankathandiza mayi ake kugulitsa kachewere ndi kabichi kwa anthu opikula. Ponyamuka anasiya nambala ya foni, akuti n'cholinga choti azimva mmene ntchito ikuyendera.

Koma sanadikire foni. Ankabwera yekha.

Ankafika masana ndi tchipisi m'kapepala, n'kukhala pa tayala lakutha kumaonerera Silvester akucheka bolodi yokhuthala imene anaitanitsa ku Lilongwe. Nthawi zina ankamugwirira tepi yoyezera. Utuchi unkamudzadza m'tsitsi, iye n'kumangoseka.

"Mundiuze chinthu chimodzi," anatero Silvester tsiku lina. "Mabokosi alipo mitundu iwiri. Lotsekeratu limatulutsa besi yolimba, yogunda pachifuwa penipeni. Lokhala ndi bowo limatulutsa besi yaikulu, yomveka kutali. Ndipange liti?"

"Achimwene akufuna yomveka kutali," anayankha Lufina. Kenako anatsitsa mawu. "Koma chikhala ine, ndikanasankha ya pachifuwayo."

Silvester analakwitsa muyezo kawiri tsiku limenelo.

Sanagwirepo ntchito ngati imeneyo chiyambire. M'makona monse anamata guluu, n'kubwereza silikoni kuti pasapezeke potulukira mpweya. Anaika waya wonenepa kuchokera ku batire, anapala penti pa chitsulo cha galimoto kuti waya wa nthaka agwire bwino, ampulifaya n'kuimangirira poti izipitidwa mphepo. Nanga si galimoto ya mlamu wam'tsogolo? Munthu ungachite zachinyengo pamenepo?

Tsiku loyesa, analowa onse awiri m'galimoto n'kutseka mawindo. Silvester anakweza pang'onopang'ono. Galasi loonera kumbuyo linayamba kunjenjemera. Mpando unanjenjemera. Besi inabwera yozama, yoyera, ngati bingu la kuseri kwa phiri.

Lufina anakuwa ndi chimwemwe. Kenako anagwira dzanja la Silvester n'kuliika pachifuwa pake.

"Ukumva? Si sipika yako yokha ikugunda muno."

Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe.

Galimoto inapita ku Biriwiri, koma mameseji anatsala akuyenda.

"Wadzuka bwanji, mmisiri wa mtima wanga?"

"Ndadzuka ndikuganiza za iwe, duwa langa la ku mapiri. Kukuzizira kumeneko?"

"Kwambiri. Jekete silikuthandiza. Bwera udzandifunditse."

"Nena tsiku, Lufi, ndikwera minibasi yoyamba."

Pamenepo foni inkakhala chete. Yankho linkabwera mochedwa, ndipo linali limodzimodzi nthawi zonse: "Osati pano, wokondedwa. Achimwene abwere kaye. Ndikulonjeza, udzalowa pakhomo pathu anthu onse akuona."

Silvester ankawerenga lonjezo limenelo mobwerezabwereza. Komabe panali zinthu zina zimene sankazimvetsa. Foni ya Lufina ikalira ali limodzi, ankakayankhira kutali, kuseri kwa mashopu. Tsiku lina ali chikhalire pa tayala lija anangoyamba kulira popanda womuputa.

"Chavuta n'chiyani, wapamtima?"

"Palibe. Ungondiuza kuti sudzadana nane."

"Ndidane nawe chifukwa chiyani? Ine ndinatha pa iwe, Lufina. Wina sindimuonanso."

Lufina analira kwambiri kuposa poyamba.

Mnzake wa Silvester, Geoffrey, amene ankayendetsa minibasi ya pakati pa Ntcheu ndi Dedza, anamukokera pambali tsiku lina.

"Aise, ku Biriwiri ndimadutsako daily ine. Mayi ake a Lufina ndimawanyamulira matumba. Ana awo ndimawadziwa, ndi aakazi okhaokha. Mchimwene wa ku Joniyu wachokera kuti?"

"Mwina ndi mwana wa bambo ake aakulu. Vuto lako ndi nsanje."

"Chabwino. Ndangonena."

Silvester sanamulankhule kwa mlungu wathunthu.

Allan anafikadi kuchokera ku Joni, ndipo anabwera yekha ku shedi. Anali mwamuna wonenepa bwino, wansangala, woseka ndi thupi lonse. M'mawa wa tsikulo Lufina anali atatumiza meseji: "Akubwera kumeneko. Za ife usawauze kaye, ndiwauza ndekha." Choncho Silvester anangovula chipewa, n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Amisiri, mwandipha!" anatero Allan akumenya pa buti. "Ku Joni konse sindinamve besi ngati iyi. Lufina sanandinamize, ndinu katswiri."

"Zikomo, bwana. Koma kabatani aka pa ampulifaya ndaikapo kachizindikiro. Musapitirire pamenepa. Mukapitirira itentha, ithima."

"Ndamva. Loweruka kuli zochitika kunyumba, ndiye galimoto yomweyi ndi imene iimbe."

Silvester ankaganiza kuti ndi phwando lolandira munthu wochokera kutali. Anamutumizira Lufina meseji: "Achimwene ako ndi munthu wabwino. Ndawakonda." Lufina sanayankhe. Anaimba, foni inangoitana. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu inali yothima.

Kodi wadwala? Kapena achimwene ake amuletsa? Kapena wataya foni? Silvester anapeza zifukwa zambirimbiri, ndipo chilichonse chinali chomuikira kumbuyo Lufina.

Loweruka masana foni yake inalira. Anali Allan, kumbuyo kwake kukumveka phokoso la anthu.

"Amisiri, zathima! Anyamata anakweza kabatani kaja. Anthu adzaza pano, tachita manyazi. Kwerani njinga yamoto, fulumirani!"

Mtima wa Silvester unadumpha. Lero alowa pakhomo pa Lufina! Anasamba mothamanga, anavala shati yake ya kutchalitchi, anaponya mafiyuzi ndi sikuludiraiva m'chikwama. Anatenganso chitenje chimene anagula kalekale kuti adzapatse mayi a Lufina tsiku lowaona koyamba.

Njinga inamutsitsa pa kanjira kokwera pakati pa minda ya kabichi. Pakhomopo panali tenti yoyera, mipando yapulasitiki, amayi ovala zofanana, madoda atakhala paokha ndi zibonga zawo. Galimoto inali pambali pa tenti, buti ili yasa!

Mayi wina wachikulire anamuthamangira.

"Amisiri aja ndinu? Fulumirani, bambo, eni ake akudikira kuvina."

"Kodi kuli chiyani kuno, mayi?"

"Ii, simukudziwa? Chinkhoswe! Cha Lufina wathu ndi a Allan. Anthu amenewa anayambana kale, Lufina asanamalize n'komwe sukulu."

Silvester anayang'ana mu tenti.

Anali pomwepo, kutsogolo, pa mipando iwiri yokutidwa ndi nsalu. Diresi ya Lufina ndi shati ya Allan zinasokedwa kuchokera ku nsalu imodzi. Dzanja la Allan linali pa bondo la Lufina.

Maso a Silvester ndi a Lufina anakumana. Lufina anagwetsa nkhope.

"Chimenecho ndi mphatso?" anafunsa mayi uja, ndipo asanayankhe anali atamulanda kale chitenje chija. "Ee, amisiri aulemu awa! Abweretsa ndi mphatso yomwe!"

Amayi analulutira. Anthu anaomba m'manja.

Miyendo ya Silvester inamutengera yokha ku galimoto. Anawerama mu buti chifukwa ndi malo okhawo amene akanabisa nkhope yake. Ampulifaya inali yotentha yosagwirika, kabatani kaja atakapotoza mpaka kumapeto, fiyuzi itapsa. Inali ntchito yoti mwana angaigwire.

Anamva fungo la mafuta amene ankawadziwa bwino.

"Ndakubweretserani thobwa, amisiri," anatero Lufina mokweza kuti anthu amve. Kenako ananong'ona. "Silvester, chonde."

Silvester sanatembenuke.

"Achimwene ako aja ndi amenewa?"

"Tsiku loyamba lija ndinangonena. Sindikudziwa chifukwa chake. Unandiyang'ana, ine n'kufuna kuti undiyang'anenso. Kenako ndinasowa pobwezera mawu."

"Miyezi yonseyi unasowa pobwezera?"

"Ndikafuna kukuuza ndinkaona ukumwetulira, ndiye ndinkati mawa."

"Unandikondako, Lufina? Ngakhale tsiku limodzi?"

"Ndinakukonda. Mpaka pano." Anayang'ana ku tenti. "Koma taona wekha. Ankhoswe akhala pansi, amalume abwera kuchokera ku Bwanje, nyumba iyi anawamangira mayi ndi a Allan. Ndiimirire pamenepa ndinene chiyani?"

"Nanga ine ndinali chiyani?"

Lufina anaweramitsa mutu. Msozi unagwera mu thobwa.

"Usawauze," anatero pomaliza. "Ndakugwira mwendo."

Silvester anayang'ana fiyuzi yatsopano imene inali pachikhatho pake. Akanatha kunena kuti ampulifaya yapseratu, n'kuwasiya ndi chinkhoswe chawo chachete. Akanathanso kulowa mu tenti, n'kutulutsa foni, n'kuwerengera ankhoswe mameseji onse mmodzimmodzi. Ndiyeno chiyani? Lufina akanatuluka mu diresi imeneyo n'kukwera naye njinga yamoto? Ngakhale akanatero, iye akanamukhulupiriranso pa chiyani?

"Zikutheka, amisiri?" Allan anafika akupukuta thukuta, n'kukoleka dzanja m'khosi mwa Lufina. "Mayi akunyumba, mwawapatsa chakumwa alendo athu? Iii, mukuliranso? Wakhala akulira chiyambire m'mawa uyu, amisiri. Chimwemwe!"

Silvester analowetsa fiyuzi. Anabweza kabatani pa chizindikiro chake. Kagetsi kobiriwira kanayaka.

Besi inagunda.

Inagunda mpaka nsalu ya tenti inagwedera, ana anakuwa, amayi anadzuka n'kumanga zitenje m'chiuno. Allan anamukumbatira Silvester mwamphamvu, kenako anakoka Lufina kupita naye pabwalo. Lufina anatembenuka kamodzi kokha. Anthu ovina anamuphimba.

"Khalani mudye kaye, bambo!" anakuwa mayi uja.

Silvester anangogwedeza mutu n'kunyamula chikwama chake. Anatsika kanjira kaja wapansi, shati ya kutchalitchi itada ndi fumbi la mu buti. Sanathamange. Sanalire.

Pa msewu waukulu anaima osakweza dzanja. Minibasi ziwiri zinadutsa. Yachitatu inaima yokha, ndipo dalaivala anali Geoffrey.

Geoffrey anayang'ana shati ija, anayang'ana kumtunda kumene kunkaoneka denga la tenti, kenako anauza munthu amene anali kutsogolo kuti asunthe.

"Kwera, aise."

Sanamufunse kanthu. Anangotambasula dzanja n'kuthimitsa wailesi.

"Adalaivala, nyimbo bwanji?" anadandaula wina kumbuyo.

"Yawonongeka," anayankha Geoffrey.

Anayenda choncho, mukungomveka injini ndi matumba a kachewere akugubuduka kumbuyo. Atayandikira pa boma, foni ya Silvester inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa mofulumira, chifukwa mtima wopusawo unkayembekezerabe dzina limodzi.

Anali Allan.

"Amisiri, mwathawa bwanji osadya? Ikugunda bwino kwabasi, anthu akuvina mpaka pano. Ukwati wa kutchalitchi uliko mwezi wamawa. Tidzakufunaninso, musadzakane."

Silvester anaiyang'ana meseji ija mpaka foni inazima yokha m'manja mwake.