Mkulu wopanda nthunzi pakamwa

Ine ntchito yanga ndi ya malata. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma ndipatseni lumo ndi lata, ndikupindirani paipi yoti ngakhale fumbi lisowe potulukira. Matenda anga ndi ndagi. Mkazi wanga Lesia amati ndidzaponyera ndagi ngakhale wodzandiyeza bokosi.

Linali Lachinayi, mu Januwale, m'katauni kena kumpoto kwa mzinda wa Winnipeg. Kuzizira kwake kouma nako mamina m'mphuno. Ndimagwira ntchito kwa mayi Renata Dueck. Amuna awo amayendetsa lole, anali kutali, ndiye m'nyumbamo munali iwo ndi khanda lawo Tilly, wa miyezi inayi.

Ng'anjo yawo ya gasi, ya m'chipinda cha pansi pa nyumba, inalibe vuto, koma zipinda sizimafunda. Ndinawauza kuti nyumba nayo imapuma. Mapaipi ena amatumiza mpweya wotentha kuzipinda, ena amabweza wozizira ku ng'anjo, kudzera pa sefa yogwira fumbi. Obwezawo ndi amene anali atatha ntchito. Pophwasula akalewo ndinapeza dzina lokandidwa ndi msomali mkati mwa lata: Arni Bjarnason, 1961. Amisiri akale ankatero. Ndinaliponya pamulu wa zotaya.

Pofika faifi kunali kutada kale bii. Sefa ndinali nditaika, koma chigongono cholumikiza ng'anjo ndi paipi yochokera kumwamba chinaperewera. Panafunika kukapinda china kwathu. Pambali pa ng'anjo panatsala chibowo choti mwana n'kukwawiramo.

"Ndiye a Pawluk, tigone ngati nsomba za mufiriji?" anatero mayi Renata.

Ndinayang'ana khandalo, ndinayang'ana chibowocho. Mumtima ndinati usiku umodzi wokha basi. Ndinayatsa ng'anjo.

Ndikulongedza zipangizo, paipi yatsopano imene ndinaika inalira. Gu. Gu. Gu. Malata amalira akamatenthedwa, aliyense amadziwa. Koma iyi inali paipi ya mpweya wozizira. Ndinaimenya ndi chikhatho, ndinatseka chitseko cha pansipo, n'kukwera.

Kumwamba mayi Renata anandipatsa khofi ndi banzi, ndinakhala mwina ola lathunthu. Ndinawafunsa chimene chimadya fumbi tsiku lonse koma osayetsemula. Anati ndi sefa yangayo, ndipo ndizipita Lesia asanatumize apolisi.

Panja, pafupi ndi pikapu yanga, panaima mkulu wina. Malaya opinda manja, epuloni yachikopa, jekete ayi. Zala zake zinali ndi zipsera ngati zanga.

"Madala, mufa nako kuzizira. Jekete mwaigulitsa?"

Sanandiyang'ane. Maso anali panyumba.

"Akuti umakonda ndagi, mphwanga. Nayi. Nyumba iyi ikukoka mpweya kuti madzulo ano?"

Ndinaseka. Ndinati kuzipinda, nanga kuti. Pomwe ndimaseka, nthunzi ya m'kamwa mwanga inkakwera yoyera mbee pansi pa getsi la mumsewu. Ndinayang'ana pakamwa pa iye. Palibe. Amayankhula, koma nthunzi osatuluka.

"Ganizanso," anatero. "Chitseko cha pansi watseka. Giza yotenthetsera madzi yaima mapazi atatu kuchoka pa chibowo chako."

Apa ndinazindikira. Fani ya ng'anjo siimakokanso kuzipinda. Imakokera pachibowo changa, m'chipinda chotseka. Ikasowa mpweya mmenemo, imautsitsa kudzera m'chumuni cha giza ya gasi, pamodzi ndi utsi uja wosaoneka, wosanunkha, wogoneka munthu mpaka kalekale. Kenako n'kuugawa bwinobwino chipinda ndi chipinda. Ndipo kabelu kochenjeza za utsiwo ndinali nditakachotsa pakhoma m'mawa poboola, n'kukazula batire. Kanali m'bokosi limene ndinanyamula m'manjamu.

Ndinalowa osagogoda. Ndinatsika masitepe atatuatatu. Ndinayatsa machesi pakamwa pa chumuni cha giza. Lawi limayenera kukokedwa kulowa mkati. Linaweramira kwa ine, n'kuzima.

Ndinazimitsa zonse, ndinakwera ndikutsekula zitseko ndi mawindo. Mayi Renata anali pasofa atagwira mutu. Anati ukuwaphwanya, mwina ndi kutopa, ndipo bwanji ndikulowetsa mphepo ngati wamisala. Ndinawafunsa za mwana. Anati wagona msanga lero, osavuta n'komwe.

Kabedi ka Tilly kanali pafupi penipeni ndi potulukira mpweya wotentha. Ndinamunyamula. Anali wofewa ngati thaulo. Ndinamutulutsa pakhonde. Amayi ake amamuitana, amamusisita kumsana. Zii. Ndinamutsina kuphazi. Zii. Ndinamutsinanso.

Analira. Abale, ine ndamvapo makwaya, koma kulira kuja sikudzapezeka konga iko.

Tinawolokera kwa mayi Gudrun, nkhalamba ya kutsidya kwa msewu, kukadikira ambulansi. Podutsa pa pikapu ndinayang'ana pansi. Chipale chofewa chinali chitagwa chatsopano madzulo omwewo. Mapazi anga opita, mapazi anga othamanga. Pamene anaima mkulu uja panali posalala.

Kuchipatala anawapatsa mpweya onse awiri, ndipo anati tikanachedwa pang'ono ikanakhala nkhani ina. Ndinawauza mayi Renata poyera kuti wolakwa ndine. Iwo anati wobwerera ndinenso.

Za mkuluyo ndinangouza mayi Gudrun. Anandifunsa ngati anavala epuloni yachikopa. Kenako anatsitsa mawu. Anati nyumbayo inali ya Arni, mmisiri wa malata. Kamwana kake kakakazi kanagona m'chipinda chomwe chija cha Tilly chaka cha 1960, osadzukanso, chifukwa cha utsi wa ng'anjo. Chaka chotsatira anaphwasula mapaipi onse n'kupinda ena yekha, osalola munthu kugwirako. Anamwalira zaka khumi zapitazo. Ndipo jekete, anatero, ankati ndi ya anthu aulesi.

M'mawa mwake ndinabwera ndi chigongono chokwana. Ndinafukula lata lija pamulu, ndinadula pamene pali dzina, n'kulikhomera mkati mwa paipi yatsopano. Langa ndinakanda pansi pake, timalemba ting'onoting'ono.

Tilly pano ali sitandade 3, ndipo ndagi zanga amazimasula ndisanamalize. Sefa ya nyumba imeneyo ndimakasintha ndekha miyezi itatu iliyonse. Ndikamaliza ndimagogoda pa lata katatu, kunena zikomo.

Arni sanayankhepo. Zimenezonso ndimathokoza.