Foni Yopanda Mapazi

Ndikulumbira pali Mulungu, mphezi ing'ambe mpando ndakhalirawu ngati muli bodza m'mawu angawa! Mafoni ine ndimawadziwa kuposa amene anawapanga.

Mwana wa mlongo wanga, yemwe tinkamutcha Tizala chifukwa cha changu chake pamakina, anakulira m'banja lopemphera. Bambo ake, telala, ankabweza kwa mwini wake ngakhale kansalu kotsala. Tizala analembedwa ntchito kunyumba yosungiramo matayala, yaitali moti mbalame inkapumula kawiri isanafike kumapeto. Anamupatsa udindo wa mafoni opanda waya a antchito. Foni iliyonse ankaitchera kuti izilemba zochitika zake: yayatsidwa nthawi yanji, yayimbira ndani, yalumikizana ndi kabokosi ka netiweki ka m'chipinda chiti. Nambala yachinsinsi yosinthira zimenezi inali ndi iye yekha.

"Kiyi ameneyu si wako, mwanangu," anatero mayi ake. "Angokusungitsa."

Ndiye panali dalaivala wa lole, dzina lake Lilime. Masana ena anamukokera kuseri kwa mashelefu.

"Mphwanga, kafoni kakoka ndi kazitape. Kaletse kulemba, tikamwe kamodzi kuseri kwa mpandaku. Kapitawo akakuyimbira uzingoti uli pamakina. Kapena umamuopa ngati mpongozi?"

"Ndiletsenso yanu, achimwene?"

"Yanga isiye. Tiyese yako kaye."

Tizala anadina katatu, foni n'kukhala yopanda mapazi. Lolemba anamwa botolo limodzi. Pofika Lachisanu mabotolo ake akanamanga tchalitchi.

Bambo ake anamununkhiza pakhomo. "Fungo ili si la matayala. Ukuyenda ndi ndani?"

"Ndi anzanga akuntchito, ababa."

"Mnzako wokugulira mowa masana ali ndi chimene akugula."

Kenaka Lilime anayamba kumutsogoza. "Pita, ndikupeza." Ankafika mochedwa, thukuta kamukamu, manja akuda bii, m'thumba mopanda foni. Tizala anakayika ndithu, koma botolo linamutseka pakamwa.

Tsiku lowerenga katundu, matayala anapezeka ataperewera mulu wofika kudenga. Antchito anayamba kuyang'anana cham'mbali, aliyense atakumbatira chikwama chake. Kapitawo anati zolemba za mafoni onse zitsegulidwe, ndipo ine anandiitana monga malume. Foni ya Lilime inaonetsa kuti masana onse inali m'chipinda chachitatu, phee, poti mwini wake ankaisiya pashelefu. Ya Tizala, masabata atatu, mbee!

"Unali kuti?" anafunsa kapitawo.

"Kumowa, bwana. Ndi achimwenewa."

"Ine?" Lilime anaseka. "Kumwa ndi kamwana konunkha mkaka? Werengani foni yanga, bwana, imeneyo sinama."

Kapitawo anatembenukira kwa Tizala. "Nanga yakoyi analetsa kulemba ndani? Nambala ili ndi angati?"

Nambalayo inali ndi Tizala yekha. Tayala ngakhale limodzi sanabe, koma mboni yokhayo imene ikanamuombola anaipha yekha ndi zala zake. Apolisi anamutenga mayi ake akugubuduka pageti, ndipo misozi yawo inadzaza ngalande mpaka lole inatitimira. Lilime akuyendetsabe mpaka lero.

Ana inu, wokuuzani kuti mufufute mapazi anu akufuna kupondapo ake. Chimene anakusungitsani musachizimitse, ngakhale kwa ola limodzi.

Mphunzitsi wina anandifunsa kuti, "Madala, inu osadziwa ndi A yemwe, zolembazo munaziwerenga bwanji?" Zamkutu! Pepala lopanda kanthu limafuna sukulu?