Shuga wa M'kabokosi ka Machesi

Towera anakapeza kabokosiko Lachinayi, akuchapa malaya a bambo ake m'ngalande ya mpunga ku Wovwe. Kanali ka machesi. Koma atakagwedeza sikanalire ngati machesi. Anatsegula. Munali shuga, wodzaza mpaka pakamwa.

Mtima unamuwawa. Munali mu 1986, ndipo chaka chinali chisanathe kuchokera pamene achipatala anawapeza bambo akewo, a Kenan Msowoya, ndi matenda a shuga. Amayi ake anamwalira iye ali Sitandade 4. Tsopano anali Sitandade 8, nyumba yonse ili m'manja mwake. Ndiye ankaphika tiyi wopanda shuga. Ndiye ankawiritsa jekeseni m'kapoto m'mawa uliwonse. Ndiye ankathirira mchenga wa mumphika momwe ankasungamo kabotolo ka mankhwala kuti kasatenthe. Zonsezo, iwo n'kumabisa shuga m'thumba ngati kamwana?

"Akufuna andisiye ndekha," anadziyankhulira.

Anakhuthulira shugayo m'madzi. Malaya atauma anabwezeramo kabokosi kopanda kanthu. Ankafuna kuti akadzakatsegula achite manyazi. Sanawauze chilichonse. Mwana sakalipira bambo ake.

Loweruka kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Kunkabwera mlendo wamkulu wochokera ku Lilongwe. Msika unatsekedwa. Magolosale anatsekedwa. Anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anayamba kugogoda m'makomo dzuwa litangotuluka.

A Kenan anali atangodzibaya jekeseni pantchafu. Phala linali likadali pamoto.

"Adada, idyani kaye," anatero Towera.

"Sukuwamva akugogodawo? Ndidya pobwera. Akuti pofika naini zonse zikhala zitatha."

Anagwira thumba la malaya. Anamva kabokosi. Anatuluka.

Naini inakwana. Teni. Leveni. Mlendo osaoneka. Dzuwa la ku Karonga silinyengerera munthu. Amayi oimba anasasa mawu. Towera anali pamzere wa ana a sukulu, koma maso ake anali kwa bambo ake, tsidya lina la bwalo. Thukuta linkawatsika ngati awathira madzi. Manja ankanjenjemera. Anawaona akutulutsa kabokosi kaja. Anatsegula. Anayang'ana. Anatseka, n'kutsegulanso. Kenako analowetsamo chala n'kuchinyambita.

Towera anayang'ana pansi. Manyazi awagwira, anaganiza choncho. Anamva ngati wapambana.

Posakhalitsa a Kenan anadzuka. Anayenda dzandidzandi mpaka pakati pa bwalo, pomwe panasesedwa kuti padutse mlendo.

"Tsegulani madzi!" anakuwa. "Mpunga ukuuma!"

Anthu anaseka. Ntchito yawo inalidi yotsegula ndi kutseka madzi m'ngalande, koma apa panalibe ngalande. Hudson, mkulu wa anyamata a chipani, anawathamangira.

"Madala, kachasu m'mawa uno? Pa tsiku ngati lino?"

A Kenan, munthu woti sanamenyepo ngakhale galu, anamukankha Hudson pachifuwa. Kuseka kunatheratu. Anyamata anayi anawanyamula n'kukawatsekera m'kalasi.

Towera anachoka pamzere. "Adada samwa mowa! Akudwala!"

"Akudwala matenda a m'botolo," anatero Hudson. "Bwerera pamzere iwe. Tiwaona msonkhano ukatha."

Mlendo anafika wani koloko. Anayankhula, anthu n'kumawomba m'manja. Towera anazemba n'kukasuzumira pawindo la kalasi. Bambo ake anali gone pansi, malaya ali chinyowere, akuliza mkonono wachilendo. Anawaitana katatu. Sanatakatake.

Pansi pa mtengo wa mango panakhala Mayi Keziya, namwino wa ku Ntcheu, ndi bokosi lawo la mabandeji. Towera anawagwira dzanja osapereka n'komwe moni.

"Mayi, adada sakudzuka!"

"Amadwala chiyani?"

"Shuga."

"Amabaya jekeseni?"

"Eya. M'mawa anabaya."

"Anadya?"

"Ayi."

Mayi Keziya anadzuka ngati apsa. "Hudson, tsegula chitseko ichi. Akafera muno ukafotokoza ndiwe." Chitseko chinatsegulidwa. Mayi Keziya anagwada, kuwagoneka a Kenan cham'mbali, n'kutembenukira kwa Towera. "Thamanga. Ndipezere shuga."

"Shuga?" Towera anabwerera m'mbuyo. "Mayi, mufuna muwaphe? Shuga ndiye akuwadwalitsa!"

"Mwana iwe, tamvera. Jekeseni ija imatsitsa shuga m'magazi. Munthu akabaya osadya, shuga amatsika mpaka ubongo kusowa chakudya. Apa sanachuluke, watha! Dikira, odwala onse amauzidwa kuti aziyenda naye."

Anapisa m'thumba la malaya. Anatulutsa kabokosi. Anatsegula.

"Mulibe. Mayo ine. Thamanga!"

Towera anathamanga. Golosale yotseka. Nyumba yoyamba ya aphunzitsi, loko. Yachiwiri, loko. Aliyense anali kumsonkhano. Pa nyumba yachitatu anapeza mayi wina yemwe anatsala chifukwa cha khanda la masiku atatu. Anamupatsa shuga m'kapu. Pobwerera Towera anagwa kawiri, koma kapuyo sanaitaye.

Mayi Keziya ananyowetsa shugayo n'kumawapaka a Kenan ndi chala m'kati mwa tsaya. "Munthu wokomoka sitimumwetsa, angatsamwe," anatero, osatukula mutu. Zikope zinagwedezeka pang'ono. Maso sanatseguke. Hudson anali chiimire pakhomo, chipewa chili m'manja. Ndi iye amene anathamanga kukafuna lole yowatengera kuchipatala.

Kuchipatala anawaika diripi. Anatsitsimuka tsiku lotsatira. Towera anasangalala, koma chisangalalocho sichinakhalitse. Mawu a bambo ake ankatuluka limodzilimodzi, ngati madzi a pampopi akamatha. Supuni inkawagwa m'manja.

Lachitatu kunabwera a Reginald, othandiza dokotala, atanyamula buku lalikulu. Anafotokoza kuti akuchita kafukufuku wa odwala onse ofika shuga atawatsikira, kuti adziwe chimene chimachititsa ndi mmene angachipewere. Mafunso awo anali afupiafupi. Anabaya nthawi yanji? Anadya? Anakhala okomoka nthawi yaitali bwanji?

"Kuposa maola awiri," anayankha Towera.

A Reginald anapukusa mutu. "Ubongo sudikira choncho. Masupuni awiri a shuga thukuta litangoyamba, bwenzi mutabwerera kunyumba ndi miyendo yanu, bambo. Nanga m'kabokosi munalibe kanthu chifukwa chiyani?"

A Kenan anamuyang'ana Towera. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa yemwe amachapa malaya awo.

"Ndi... ndinaiwala... kuthiramo," anatero.

A Reginald anayamba kulemba. Towera ankamva cholembera chikukanda pepala. Akanatha kukhala chete. Palibe wina akanadziwa. Koma bodzalo linkalowa m'buku, ndipo bukulo ndi lomwe madokotala akanakhulupirira.

"Musalembe zimenezo," anatero. "Ndine. Ndinataya m'ngalande. Ndinkaganiza kuti akudya mobisa."

Misozi inatsika. Anadikira kukalipiridwa. A Reginald anaika cholembera pansi.

"Alipo anakuuzapo kuti shuga ameneyo ndi mankhwala?"

"Palibe."

"Inu bambo, simunamuuze?"

"Ma... manyazi," anayankha a Kenan. "Iye... amandisamala. Ine... n'kumanyamula shuga."

A Reginald anabwerera m'mbuyo masamba angapo. "Ndiwe wachitatu chaka chino. Wina anali mkazi, anabisira mwamuna wake maswiti. Ife timauza wodwala yekha, m'chipinda, chitseko chotseka. Amene amaphika ndi kuchapa timawasiya pabenchi panja." Anatenga rula n'kujambula mzere watsopano m'mphepete mwa tsamba. Pamwamba pake analemba funso: Kodi a kunyumba anauzidwa? Pansi pake, pa dzina la a Kenan, analemba kuti ayi.

A Kenan anatuluka m'chipatala patatha milungu iwiri. Ntchito ya madzi anapatsidwa wina. Hudson anabwera kamodzi ndi paketi ya shuga, n'kuisiya pakhonde osalowa m'nyumba.

Towera anatolera timabokosi ta machesi tisanu. Malaya alionse anali ndi kake. Kachisanu ankayenda nako iye m'thumba la yunifolomu. Anaphunzitsa anzake oyandikana nawo nyumba: thukuta, kunjenjemera, kuyankhula zosamveka, musaseke, apatseni shuga msanga. Jekeseni sinkalowanso pantchafu phala lisanafike patebulo.

M'mawa wina, akunyamuka kupita kukalemba mayeso, anawapatsa bambo ake kabokosi kawo. Iwo anakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Muli," anatero, akumwetulira.

Kenako anamuyang'anitsitsa. Milomo inagwedezeka, ikufunafuna chinachake. Towera anadikira pakhomo, cholembera chili m'manja. Belu la kusukulu linalira patali.

"Towera, adada," anawakumbutsa chapansipansi. "Dzina langa ndi Towera."