Mayendedwe a Sipiriyano

M'mawa uliwonse, pabwalo la a Mukhuna ku Likhubula, miyendo iwiri yachitsulo inkazungulira nyumba popanda munthu. Phazi lamanja linkaponda mwamphamvu, lamanzere n'kumakwakwaza pansi: di, khwee, di, khwee. Akazi awo ankasesa akumvetsera, mwina n'kuikalipira ikaponda pomwe asesa kale.

Makinawo anthu ankawatcha mbereko. Masiku amenewo aliyense wonyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje ankaimanga m'chiuno ndi m'maondo, iyo n'kusenza kulemera konse. Inkaphunzira mayendedwe a mwini wake, ndiponso inkasunga njira ya ulendo wake womaliza. Mbereko imeneyi inali ya mwana wawo Sipiriyano, amene anathyoka mwendo ali wamng'ono atagwa mumtengo wa mapeyala. Chitsulo nacho, posafuna kumuchititsa manyazi, chinaphunzira kutsimphina.

Tsiku lina la chiperoni, kuli nkhungu ndi mvula yowaza, mbereko inatsika m'phiri yokha, malamba ali lendelende. Tindege tofufuza tinauluka mpaka kutopa, koma Sipiriyano sanapezeke. Abale anaika thunthu la nthochi m'bokosi n'kulira maliro. Mbereko ikanatha kulondola pomwe anatsalira, koma lamulo lake linali lakuti siikwera phiri popanda munthu, ndipo mayi ake a Sipiriyano anakanitsitsa kuti wina aivale.

Zaka zinapita, a Mukhuna n'kukalamba.

"Make Sipi," anatero tsiku lina, "ine ndatha. Mawa kapena mkuja mudzandigoneka pafupi ndi nthochi. Ndiloleni ndivale mbereko ndikamutenge mwana."

Mayiyo anaika tsache pansi. "Mukandibwezere mmene ililimu, bambo ake. Ndi chokhachi chinanditsalira."

A Mukhuna anaivala n'kunyamuka ndi mwana wawo wamkazi Elube, amene ankakonza mbereko kumsika. Kunja kunacha bwino, koma Mulanje alibe pangano. Asanafike pakati, nkhungu inatsika, mvula yowaza inayamba, mphepo n'kumawomba ngati ili nawo chifukwa. Njira inali chiimire, miyala yokhayokha, yodzala ndere zoterera. Elube ankakwawa, zala zitauma ndi chisanu, akugwira mizu ndi timing'alu ta m'thanthwe.

A Mukhuna sankatopa, poti ankaberekedwa. Koma mtima ndiwo unkawawa. Mwendo wawo wamanzere unkakokedwa mmene Sipiriyano ankaukokera. Pakamtsinje kena mbereko inadumpha mwachibwana, mosafunikira n'komwe, ndipo mkuluyo anaseka, kenako analira mokweza.

"Elube! Ndi yemweyu! Wandibereka mwana wanga!"

Atafika pathanthwe lalitali losalala, mphepo inalimba. Inkawakankhira kuphompho, mbereko n'kumawabweza. Elube, amene anali kumbuyo, anafuula.

"Ababa, taimani! Phazi lamanzere likusiya kukwakwaza."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ikuphunzira inuyo. Kuti musagwe, ikutsata thupi lanu, ndiye ikuiwala la achimwene. Sindinaganize kuti zingachitike pa ulendo umodzi, koma mphepoyi yaikakamiza."

Mkuluyo anayang'ana pansi, madzi akuchucha m'ndevu. "Nanga tikabwerera pompano?"

"Kutsimphinako kutsalako pang'ono. Koma njira itayika, chifukwa ulendo womaliza ukhala wathu uno."

Anaima pamenepo. Anaganiza za mkazi wawo ndi tsache lake. Anaganizanso za mwana amene wakhala akuvumbwa yekha zaka zonsezo, pamene kumudzi ankalimirira manda a nthochi.

"Wazizidwa mokwana," anatero. "Tiye."

Anakwera. Paliponse pamene mphepo inawagwedeza, kanthu kena ka Sipiriyano kankachoka, ndipo a Mukhuna ankakamva kakuchoka. Anayesa kutsimphina dala kuti anamize makinawo, koma mwendo unaterereka, Elube n'kuwagwira chovala.

"Musatero, ababa! Mukufuna ndiike awiri?"

Pafupi ndi mkungudza wina wopindika, mbereko inaima, n'kumasula malamba yokha. Apa ndi pomwe mwini wake anaivula, kaya kuti athandize mlendo, kaya kuti abisale mvula, palibe adzadziwe. Pansi pake panali mng'alu wakuya. Elube anatsikamo ndi chingwe, ndipo anatuluka ndi jekete lachikasu la Sipiriyano. Zotsala za thupi lake anazikulunga m'chitenje cha amayi ake.

Maliro achiwiri anali aang'ono. Make Sipiriyano anagwira chitenjecho mpaka kumanda, ndipo anathokoza amuna awo pamaso pa anthu. A Mukhuna analephera kuwayang'ana.

M'mawa mwake mayiyo anatenga tsache, n'kuyatsa mbereko monga mwa masiku onse. Inadzuka pang'onopang'ono. Inayenda timapazi tifupitifupi, itawerama, ndipo itafika pangodya ya nyumba inaima ngati ikupuma.

Mayiyo anadikira khwee uja. Sanamveke.

"Awa ndinu, bambo ake," anatero ndi mawu otsika.

"Ndine, make Sipi. Ndikhululukireni."

Sanakalipe. Anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kukhala pakhonde pafupi ndi amuna awo, onse awiri akuyang'ana chitsulo chikuyenda ngati nkhalamba.

"Musaizimitse," anatero mayiyo. "Tsiku lina ndidzaifunanso."

Manda anali atapeza mwini wake, koma kwa mayiyo, m'mawa umenewo ndi pamene Sipiriyano anamwalira.