Fungo la Pansi pa Mpando

Uthenga unafika Lachitatu m'mawa, Telala ali ndi mapini atatu kukamwa, akupinda diresi ya kasitomala. Achimwene ake, amene anali mlonda wa nkhalango kutsidya kwa chigwa chachikulu, anali atagwa pa makwerero a nsanja yoonerapo moto. Bondo linali litatupa ngati dzungu. Galimoto ya kuntchito kwawo inali pa miyala yopanda matayala, ndipo mvula ikangoyamba, mtsinje wa pakati pa njira unkatseka msewu miyezi itatu.

"Ndikawatenga ndine," Telala anauza mwamuna wake, akulavulira mapini m'dzanja.

"Pa galimoto iti?"

"Tili nazo zingati?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Anali mphunzitsi, ana ali pakati pa mayeso, kotero sakanachoka. Kaminibasi kawo ka mipando isanu ndi iwiri kanali kabwino pa zonse kupatula chimodzi: kankangozima pakati pa msewu osatsanzika. Chaka chimenecho anali atasintha pampu ya mafuta kawiri. Vutoli silinali lawo okha. Aliyense wokhala ndi galimoto ya mtundu umenewo ankaimba nyimbo yomweyo. Wophika buledi inamuzimira pa mlatho, anthu akumutukwana kumbuyo. Mayi wa sukulu ya mkaka anayendapo wapansi ndi tiana khumi togwirana manja. Ena analemba makalata kwa ogulitsa, ndipo yankho linkabwera limodzimodzi: mafuta anu ndi akuda.

"Tenga Girisi," mphunzitsiyo anatero pomaliza.

Girisi anali mng'ono wake, makaniki, ndipo dzinalo analipeza chifukwa analibe malaya opanda banga. Anabwera madzulo n'kuyala katundu pakhonde: zigubu ziwiri za madzi, chimodzi cha petulo, chingwe, fosholo, bokosi la masipanala ndi pampu yakale yomwe ankati ikadali ndi moyo pang'ono. Telala anawonjezapo buledi, mtedza, nthochi ndi kachikwama kake ka sizasi ndi ulusi, komwe sankakasiya ngakhale popita kwa dokotala wa mano.

Ananyamuka dzuwa likutuluka. Ankayendetsa ndi Telala, poti galimoto yake sankaipereka kwa munthu. Phula linatha atayenda maola awiri, ndipo analowa m'chigwa cha udzu wouma wofika m'chiuno, chopanda nyumba, chopanda mtengo woti n'kuusa. Agwape ankadumpha msewu. Girisi ankasenda mtedza n'kumaika ina m'dzanja la mlamu wake.

"Alamu, mukuyendetsa ngati mukusoka malaya a ukwati," anatero.

"Ndiye chifukwa chake sindisolola ulusi kawiri. Mafuta ali pati?"

"Theka ladutsa. Tithire tikafika pa mitengo."

Dzuwa lili paliwombo, injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Galimoto inayenda yokha pang'ono, kenako inaima. Kunamveka mphepo yokha mu udzu.

Girisi sanadandaule. Anatenga mpini wa fosholo n'kukwawira pansi. "Ndikamenya thanki, inu lizani." Anamenya katatu, Telala anapotoza kiyi, injini inadzuka ngati palibe chachitika.

"Mankhwala ake ndi ndodo basi," Girisi anatero akusansa fumbi. "Ngati bulu."

Atalowa m'nkhalango, msewu unasanduka timizere tiwiri ta matayala pakati pa mitengo. Pa ngodya ina Telala anaponda buleki. Kutsogolo kunali kaminibasi kofanana ndi kake ngati mapasa, koyera, njuchi zikukazungulira. Pansi pa mtengo panakhala bambo wachikulire wa chipewa chachikulu, milomo itachita ming'alu.

"Madzi, ana anga," ndi mawu oyamba amene ananena.

Anamwa pang'onopang'ono monga Telala anamuuzira. Anali wogula uchi, ndipo galimoto inamuzimira dzulo lake masana, atadzaza zidebe. "Uchi ndadya mpaka mano akunyerenyesa, koma uchi suthetsa ludzu. Afisi anabwera kudzandiona, anazungulira kawiri, anaona kuti ndawonda." Anayang'ana galimoto ya Telala n'kuseka. "Nanunso munagula m'bale wake? Pepani. Mwasintha mapampu angati?"

"Awiri."

"Ndinu ana. Ine anayi. Mkazi wanga amati ndikwatire pampuyo, popeza ndi imene ndimaitchula kutulo."

Girisi anamenya thanki ya galimoto yoyerayo mpaka thukuta, koma sinayankhe. Kusintha pampu kukanadya maola, ndipo kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana. Anagwirizana zoti mkuluyo apite nawo, adzaione pobwerera. Anakhoma zitseko n'kukhala pa mpando wapakati, akuwerenga mayina a anzake onse amene galimotozi zinawachititsa manyazi.

Mtsinje anaufika cha m'ma fili koloko. Unali mchenga wokhawokha, wotakata ngati bwalo la mpira. Ali pa mtsetse wotsikira, injini inazimanso. Girisi anagwira chitseko kuti atuluke, koma wogula uchi anamukoka phewa.

"Khala. Taona kumanzere."

Njovu zinkatuluka m'mitengo, zisanu ndi ziwiri, kamwana kali pakati. Zinatsikira mumchenga n'kuyamba kukumba madzi ndi miyendo, pamalo oti munthu ataponya mwala ukanazifika. Yaikulu inatembenuka, inatambasula makutu n'kuyang'ana galimotoyo.

"Tsekani mawindo," mkuluyo ananong'ona. "Osaliza hutala, osaliza injini. Nthochi zija zikulungeni."

Anakhala choncho. Kutentha kunadzaza m'galimoto, thukuta likutsika m'khosi. Njovu yaikulu inabwera pang'onopang'ono, inanunkhiza galasi lakutsogolo, chitamba chikusiya chinyezi pomwe pali nkhope ya Telala. Iye anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Anaganiza za achimwene ake atagona okha ndi bondo lawo, akuyang'ana mitambo yomweyo. Njovuyo inapumira mwamphamvu, inagwedeza mutu, n'kubwerera kwa zinzake.

Apo m'pamene mphuno ya Telala inagwira kanthu. Mawindo ali otseka, mphepo palibe, fungo linalake linkakwera kuchokera pansi pa mpando wapakati. Silinali la petulo. Ankalidziwa bwino lomwe.

"Alamu," ananong'ona, "mukumva fungo la simbi yanga?"

"Simbi yanu ili kunyumba."

"Chaka chatha inkazima ndikusita. Ndinagula yatsopano, nayonso n'kumazima. Vuto linali pulagi ya pakhoma, inali itapsa m'kati. Inkanunkha chonchi."

Girisi anafuna kuseka, koma anakoka mpweya kawiri n'kusiya. Maso ake anakhala pa mpandowo mpaka njovu zinamwa, zinadzithira mchenga pamsana, n'kukwera tsidya linalo kulowera kumtunda.

Anatulutsa mpando wapakati n'kufunyulula kapeti. Pansi pake panali kachitseko kachitsulo, ndipo pansi pa kachitsekoko, pamwamba pa thanki, panali pulagi yolumikiza mawaya a pampu. Kunja inkaoneka yabwinobwino. Girisi ataizula, m'kati munali mwakuda bii, kachitsulo kamodzi katasungunula pulasitiki n'kumagwedera ngati dzino la mwana.

"Mapampu onse aja," anatero pang'onopang'ono. "Ndimazula pulagiyi, ndimaibwezera, osaiyang'ana m'kamwa. Ikabwezeredwa imagwira miyezi ingapo, ife n'kumati pampu yatsopano yachiza. Pomenya thanki timangoigwedeza."

"Anayi," wogula uchi anatero, akuvula chipewa. "Mapampu anayi opanda tchimo."

Girisi anamasula waya wa batire kaye, poopa moto pafupi ndi mafuta. Pulayala yake inali yaikulu kwambiri pa kadzenje kaja, choncho Telala anatulutsa sizasi yake. Anadula pulagi yopsayo, anasenda mawaya mosamala ngati akusula msoko, ndipo Girisi anamuonetsa kuwapota, wofiira ndi wofiira, wakuda ndi wakuda. Anakulunga ndi tepi, pamwamba n'kumanga ndi mphira wa chubu. Zala za Telala zinali zitada, chikhadabo chimodzi chitathyoka. Atapotoza kiyi, pansi panamveka kulira kosalala kwa pampu, ndipo injini inadzuka kamodzi n'kamodzi.

Kwa mlonda anafikako dzuwa lili pafupi kulowa. Achimwene anali pakhomo pa kanyumba kawo kamatabwa, mwendo uli pa chidebe, katundu atamangamanga kale: sutikesi, wailesi, nkhuku zitatu m'dengu ndi galu wokalamba wa khutu limodzi.

"Ndinadziwa kuti ubwera ndiwe, chemwali," anatero. "Wina aliyense akanatumiza pepani."

Telala anagwada n'kuona bondolo. Linali lotentha, koma zala za kuphazi zinkagwedezeka. Analimanga ndi nsalu yomwe anang'amba pa chinsalu chotchingira zenera, akuwakalipira za makwerero ovunda, iwo akungomwetulira. Anaphika tiyi, anathiramo uchi umene mkulu uja anatulutsa m'thumba la jekete, ndipo anagona msanga.

Anadzutsidwa ndi mabingu kukucha. Kumapiri kunali kwakuda, mvula ikuoneka ngati chinsalu cholendewera.

"Kuno sinagwe, koma kumtunda yagwa," achimwene anatero akununkhiza mpweya. "Madzi afika pa msewu pasanathe maola awiri. Tiyi timwera kutsidya."

Anawanyamula awiri n'kuwagoneka kumbuyo, galu ali kumapazi, nkhuku zili pamiyendo pa wogula uchi. Telala anayendetsa mofulumira kuposa masiku onse. Madontho akuluakulu anayamba kumenya galasi. Atafika pa mtsinje, mchenga wa dzulo unali utakwiririka ndi madzi ofiira, onyamula zinyalala ndi nthambi.

Girisi anavula nsapato, anatenga mpini wa fosholo n'kulowamo. Madzi anamufika m'mawondo, pakatikati anakwera pang'ono. Anabwerera akugwedeza mutu. "Akukwera. Ngati tikuwoloka ndi pano."

"Tsata kumanja kwa mwala woyerawo," achimwene anatero atadzutsa mutu. "Pamenepo pansi ndi thanthwe. Kumanzere kuli mchenga womeza. Giya yoyamba, ndipo usachotse phazi, zivute zitani."

Aliyense ankadziwa chimene chikanachitika injini ikanazima pakati pa madzi. Telala analowetsa galimoto. Madzi anamenya chitseko, anayamba kulowa pansi pa mapazi ake. Kumbuyo kunaterereka, galimoto inapendekeka, nkhuku zinalira. Chipika chinagunda tayala n'kudutsa. Iye sanachotse phazi. Anayang'ana mtengo umodzi wa kutsidya n'kuulunjika ngati mzere wa choko pa nsalu. Matayala akutsogolo anagwira dothi, injini inabangula, ndipo anakwera mtunda madzi akuchucha m'mbali.

Anaimitsa pamwamba. Achimwene anayang'ana kumbuyo, ku mtsinje ndi nkhalango imene anailondera zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anangosisita galu.

"Alamu," Girisi anatero, "msoko wanu wagwira."

Galimoto yoyera anaipeza pomwe anaisiya, anyani atathyola galasi loonera kumbuyo n'kusiya zizindikiro zawo padenga. Pulagi yake inali yopsa kuposa ija. Mvula ikuwapunda pamsana, Telala ndi Girisi anaidula n'kulumikiza mawaya, ndipo tiyi asanawire pa kambaula ka achimwene injini inali ikulira. Wogula uchi anaima pamvula osavala chipewa, akumvetsera ngati akumva mawu a m'bale amene anasowa. Kenako anatsitsa chidebe chathunthu n'kuchiika m'galimoto ya Telala, ndipo kukana kwake sanakumve.

Anadutsa chigwa motsogozana, chitasanduka matope, akukankhana pomwe pavuta. Madzulo a Lachisanu achimwene anali pa bedi la chipatala. Dokotala anati fupa ndi losweka pang'ono, koma adzayenda, bola asiyane ndi makwerero.

Wogula uchi analibe pakamwa posunga nkhani. Loweruka m'mawa Telala akutsegula shopu yake, anapeza timaminibasi titatu titaima pamzere kutsogolo, eni ake atatsamira zitseko.

"Tamva kuti matenda aja apezeka," anatero mmodzi, bambo wonenepa wonyamula ana a sukulu. "Girisi ali kuti?"

"Akugona. Msana wamugwira ndi kukankha."

"Ndiye tidikira."

Telala anayang'ana madiresi omwe ankamudikira pa tebulo, anayang'ananso anthuwo. Analowa m'kati, anavala epuloni yakale, n'kutuluka ndi sizasi m'manja.

"Musadikire," anatero. "Masulani batire, muchotse mpando wapakati. Ndipo bwerani pafupi nonse muonetsetse, chifukwa ine ndili ndi madiresi anayi ofunika masana ano."